Mikanda Yanga Yoyera Inaseketsa Dziko

1

Ine ndine Fauzia, telala wa pa Chia. Amene munaimapo pafupi ndi mlatho kugula chambo, mwina munaona mayi wina pakhonde la golosale akupalasa makina akuda uku pakamwa pakugwiranso ntchito yake. Ndine ameneyo. Pakamwa pangapa ndimapadziwa ndekha, mayi anga ankati ndinayamba kuyankha akuluakulu ndisanamere mano. Koma nkhani ndikufuna kukuuzaniyi ndikaikumbukira mseru umandigwira ngati ndanunkhiza usipa wovunda.

Zinayamba ndi sewero la pa intaneti lotchedwa Kuseri kwa Katani. Amalipanga ndi achinyamata ena a ku Dwangwa, ndipo gawo latsopano limatuluka Loweruka lililonse. Nkhani zake ndi za kuchipinda zokhazokha: chibwenzi chobisala pansi pa bedi, mkazi wonamizira mutu, apongozi ogogoda pa nthawi yolakwika. Pakona amalembapo kuti ndi la akuluakulu okha, ngati kuti foni imafunsa munthu zaka zake.

Pakhonde langa ndi pamene amayi ankaweruzira sewero limeneli podikira zovala zawo. Mnzanga Laila, wogulitsa nsomba zowamba, ndiye anali loya wake. Iye ankati mulibe chachilendo m'menemo, zonsezo zimachitika m'nyumba zathu zomwezi, bola kuziseka kusiyana n'kufa nazo chamumtima. Aphunzitsi ena a pa pulayimale ankati nthabwala zake ndi zanzeru koma anawo amapyola malire, tsiku lina iwo anapeza ana a sukulu akuyeserera gawo lina kuseri kwa kalasi. Ndiye panali amayi opemphera aja. Amenewa ankati Astaghafirulla, dziko latha, zinthu zomwe ife tinazimva titagwada pamaso pa anankungwi lero zikumwazidwa pamsewu. Koma mukawafunsa kuti gawo lonyansitsitsa ndi liti, ankalifotokoza lonse, ndi mawu ake omwe, osalumpha kalikonse.

Ine ndisaname, ndinkaonera. Ndinkanyansidwa, inde, koma ndinkaseka mpaka kusokerera kolala mozondoka.

Kunyumba kokha ndiye sindinkayerekeza. Amuna anga a Swaleh, bambo ake a mwana wanga Zaidi, ankadana nalo sewerolo kuposa nyama ya nkhumba. Iwo amagula mpunga kwa alimi kuno n'kukagulitsa kwa antchito a ku nzimbe ku Dwangwa, ndipo akabwerako ankakhala pakhonde la mzikiti n'kumalalikira kuti opanga zimenezo ndi ana opanda mwambo, ofunika kuwakwapula pagulu. Anandiuza kuti tsiku limene adzapeze zauvezo mu foni yanga, foniyo idzagona pansi pa madzi a Chia. Ine ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu woopa Mulungu.

2

Tsopano ndikuuzeni chomwe chinali m'nyumba mwathu.

Chaka chinacho a Swaleh anagwa ndi njinga yamoto cha ku Nkhunga. Mabala anapola, koma iwo anati msana sunabwerere m'malo mwake. Kuyambira pamenepo ankangofika, kudya, n'kutembenukira kukhoma. Nditawafunsa mwaulemu anagwetsa nkhope n'kundiuza kuti ngoziyo inawapha ngati mwamuna. Kunena mosapsatira, anati anagwa mu mpapaya. Anandigwiritsa Kurani kuti ndisadzauze m'bale wanga kapena wawo, chifukwa amuna anzawo akadzangomva, iwo sadzayendanso pa Chia masana.

Abale, ndinawamvera chisoni bambo amenewa. Ndinawaphikira gondolosi, ndinawathowa msana ndi madzi otentha, ndinasala kudya n'kumawapempherera. Anthu akandifunsa kuti mng'ono wake wa Zaidi abwera liti, ndinkati ndine ndikulera. Manyazi awo ndinawasenza ine.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuuza, ndiye a Rahila, nankungwi amene anandilanga pokwatiwa. Mumtima ndinati lumbiro lija sindinaliphwanye, a Rahila si m'bale, ndipo kwa nankungwi ndi kumene mkazi amatula zomulemera. Pa Chia ponse atsikana olowa m'banja ankadutsa m'manja mwawo, ndipo palibe anamvapo kuti atulutsa za munthu.

Kwa inu amene simunalangidwe, mkazi amapatsidwa mikanda yoti iziyankhula m'malo mwake kuchipinda. Akapachika yofiira pa msomali wa kumutu kwa bedi, mwamuna amadziwa kuti mkazi ali kumwezi. Akapachika yoyera ndiye kuti njira yatseguka. Yanga yoyera inakhala pa msomali mpaka kuchita fumbi. A Rahila anati mwina bamboyo akuopa kuyang'ana kumeneko, ndiyese kuiika poti aikhudze ndi dzanja, mwina mtima n'kudzuka.

Ine ndi nzeru zangazi ndinaiika m'thumba la kanzu yawo, mkanjo wovala popita kumzikiti, nditaiwala kuti tsikulo linali Lachisanu. Anthu atamaliza swala mumzikiti, a Swaleh anapisa m'thumba kufuna tasibihi, ija timawerengera potamanda Mulungu, n'kutulutsa mikanda yanga ya kuchipinda. Mwamwayi anaibweza msanga wina asanaone. Kunyumba anandikalipira mpaka ndinalira. Nditakawauza a Rahila anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandipepesa, nati ndipirire, matenda a msana sachira lero ndi lero.

3

Loweruka lina masana Laila anabwera chothamanga, foni ili m'manja, akuti lero lokha anyamata aja aphika. Amayi anaunjikana pa makina anga. Gawolo linali ndi anthu atsopano, mwamuna wotchedwa Che Tulo ndi mkazi wake Namikanda. Che Tulo akangogunda bedi, mkonono. Namikanda amamuvinira, amamutsina, amamumwetsa gondolosi wa mumphika, koma bambo ali fooo. Amayi anayamba kugwirana mapewa ndi phwete.

Nanenso ndinasekako poyamba. Kenako ndinaona kuti Namikanda wakoloweka tepi yoyezera zovala m'khosi.

Ndiye anafika pa kanzu. Namikanda akuika mikanda yoyera m'thumba uku akutitsinzinira diso ife oonera. Che Tulo ali pa sadaka pakati pa madoda, akupisa m'thumba, akutulutsa mikanda ija n'kuyamba kuiwerenga atatsinzina, madoda akubalalika ngati aona njoka. Mayi wina pakhondepo anachita kukhala pansi ndi kuseka. Ngakhale opemphera aja anabisa nkhope m'mipango, mapewa okha akugwedezeka.

Ine ndinasiya kuseka. Ndinanamizira kuti singano yagwa n'kuweramira pansi pa makina. Laila anali akuwerenga mokweza ndemanga za oonera. Wina analemba kuti mkazi wotere ndi hule wa m'nyumba. Wina anati amulozere kwa Namikanda akamuthandize yekha. Wina wa ku Joni anati sewero ili ndi lokhalo limamukumbutsa kumudzi. Panali mmodzi yekha amene analemba kuti izi sizoseketsa, mayiyu akuvutika, ndipo anzake anamuwowoza kuti ngati safuna kuseka akaonere za nyengo.

Laila anandigunda ndi chigongono n'kufunsa ngati atelala tonse tili otero. Ankangocheza, sankadziwa kanthu. Koma pa Chia anthu si opusa. Telala, mwamuna wa kanzu, mwana mmodzi yekha. Ndinadziwa kuti likangotuluka gawo lina wina adzaphatikiza, ndipo chinsinsi cha amuna anga chidzayalidwa pamlatho pamodzi ndi chambo.

4

A Swaleh anabwera mawa lake nkhope ili gwa. Anati ngakhale iwo saonera zauve, msika wonse wa Dwangwa ukusimba za mikanda ya m'kanzu. Anatseka chitseko.

"Fauzia, unauza ndani?"

Ndinagwada n'kutchula a Rahila. Iwo anapukusa mutu nthawi yaitali ngati munthu wolasidwa. Anandikumbutsa kuti a Rahila ali ndi mdzukulu wogwira ntchito ku fakitale ya ku Dwangwa komweko, ndipo anyamata a sewerowo amatola nkhani kwa aliyense. Kenako ananena motsitsa mawu kuti dzina lawo likangomveka pa nkhani imeneyi, talaka yanga, mawu ondisudzula, ili kale m'kamwa mwawo, adzangoilavula.

Mtima wanga unawira sabata yonse. Ndinkakumbukira mmene a Rahila anasekera mpaka kutsokomola, ndipo kuseka kuja tsopano kunkamveka mwina m'makutu mwanga. Mayi amene ndinamugwadira, amene anandiona ndili wamaliseche tsiku la chilangizo, wanditenga n'kukandiyala pa foni ya aliyense wokhala ndi bandulo.

Amayi achisilamu timakumana pa dawa, kuphunzitsana za chipembedzo ndi kuimba. Pa dawa ya sabata imeneyo tinadzaza bwalo la madrasa, ena anachokera ku Kanyenda. Atsogoleri atafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, ndinaimirira. Laila anandikoka chitenje koma ndinamusasa.

"Amayi, samalani kumene mukutula nkhawa zanu. Pali anankungwi ena pano amene makutu awo ali pa Chia koma pakamwa pali ku Dwangwa. Zimene mukuseka pa foni Loweruka ndi zimene anzanu anawauza atagwada."

A Rahila anali atakhala pamkeka wa kutsogolo, miyendo atatambasula chifukwa cha nyamakazi. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ukunena ine?"

"Ndikunena inu."

Sanadziteteze. Anangoti Allah akudziwa, anatola masilipasi awo n'kumapita akutsimphina. Sabata yomweyo banja lina lomwe linkati liwapatse mtsikana woti amulange linakatenga nankungwi wa ku boma. Amayi amene anawauzapo zawo anayamba kuwerenga magawo akale a sewero lija, aliyense akudzipezamo, ndipo pachitsime a Rahila akafika anthu ankasiya kucheza.

Koma taonani uchitsiru wanga. Ndinafuna kuzimitsa moto ndi palafini. Munthu sakwiya choncho ndi nkhani ya eni ake, ndipo amayi anaphatikiza tsiku lomwelo. Pobwerera kunyumba ndinamva kumbuyo kwanga wina akunong'ona kuti Namikanda uyo. Posakhalitsa anyamata a kabaza anayamba kuliza mkonono amuna anga akamadutsa.

A Swaleh anasiya kugona pa Chia. Anati sangapirire maso a anthu, akhala kaye ku Dwangwa, ndipo za talaka akuziganizira. Ine ndinkangodikira ngati mbuzi yomangidwa pa tsiku la Idi.

5

Tsiku lina a Swaleh atabwera kudzatenga mpunga anagona kunyumba. M'mawa titamaliza swala ndinaona kuti mpata ndi womwewu. Zaidi anali kwa agogo ake ku Kanyenda, chitseko chinali chotseka, kunja kunalibe munthu. Ndinagwada pamkeka wopemphererapo, ndinawagwira mapazi, ndipo ndinanena mawu amene sindinauzepo munthu wina aliyense padziko.

"Bambo a Zaidi, ngakhale mukhale ngati mlongo wanga mpaka kumanda, ine sindichoka. Sindikupemphaninso zambiri. Muzingondigwirako dzanja pogona, ndizidziwa kuti ndikadali munthu."

Anandisisita pamutu n'kunena kuti Mulungu andidalitse, mkazi ngati ine kulibe. Tsiku limenelo ndinapita ku makina ndikuimba. Ndinati banja langa lapulumuka.

Loweruka linalo Laila anafika pakhonde opanda phokoso lake lija. Anakhala pa benchi n'kumasewera ndi zidutswa za nsalu, kenako anati la lero ndisaonere. Munthu akakuuza choncho ndiye kuti wakutuma. Ndinagula bandulo n'kuzungulira kuseri kwa golosale.

Namikanda anali atagwada, atagwira mapazi a Che Tulo, mamina ali chuchuchu mpaka pachibwano. Anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu anga. Mlongo, manda, dzanja, munthu, onse mwandondomeko yake, ngakhale pamene ine ndinapumira iyenso anapumira pomwepo. Che Tulo anamusisita pamutu, nati mkazi ngati iwe kulibe, kenako anatembenukira kwa ife oonera n'kupinda nkhope ngati akufuna kusanza. Pomaliza anaphwisa, ndipo kunamveka kuseka kwa anthu kojambuliratu.

Ine ndinasanza zenizeni, pakhoma la golosale ya eni ake.

Nditapukuta pakamwa mutu unayamba kugwira ntchito. A Rahila sindinayankhule nawo chichokereni pa dawa paja. Laila sindinamuuze. M'chipinda muja munali makutu anga ndi a munthu mmodzi yekha.

6

Ngakhale pamenepo ndinkawaikirabe kumbuyo, mundikhululukire. Ndinati mwina m'kusweka mtima anauzako mnzawo wina, mnzawoyo ndiye wapita nazo kwa anyamatawo. Ndinakwera minibasi ya ku Dwangwa ndi cholinga chokagwadira mtsikana wosewera Namikanda kuti andiuze amene akumupatsa nkhani zanga, ndipo asiye, banja la munthu likutha.

Kumupeza sikunavute. Mayi wogulitsa nthochi pa depoti anati ameneyo ndi Nester, amakhala kuseri kwa msika, nyumba ya chitseko chobiriwira, ndipo anandipempha kuti ndikamuuze kuti gawo la Loweruka linamupha ndi kuseka.

Chinthu choyamba kuona chinali njinga yamoto itatsamira mtengo wa mango. Chachiwiri chinali kanzu yoyera pachingwe. Kanzu imeneyo ndinasoka ndine, maluwa a pakolala ndinachita kuwaluka pamanja. Ndinalowa kumpanda osaodira.

A Swaleh anali chogona pamkeka, atavala vesiti ndi kabudula, akutafuna nzimbe uku akuseka china chake pa foni. Msana uja unali utapindika bwinobwino ngati wa mwana. Atandiona nzimbe inawagwa m'manja. Nthawi yomweyo m'nyumba munatuluka Namikanda weniweni atanyamula beseni. Pa foni amavala madiresi akuluakulu a nthabwala. Apa anali atangomanga chitenje, ndipo mimba inali patsogolo, yoti mwezi uliwonse achira.

Ndinayang'ana mimbayo. Ndinayang'ana munthu wogwa mu mpapaya uja. Chaka chonse chija chinandibwerera m'mutu, gondolosi, madzi otentha, kusala kudya, mikanda yochita fumbi. Munthuyu sanadwalepo. Ankachoka kwa ine n'kubwera pamkeka uwu kudzasimba mmene ndavinira, mmene ndalirira, awiriwa n'kumagubuduka ndi kuseka, mawa lake mtsikanayu n'kukazisewera pamaso pa dziko.

Mwamunayo anadzuka akufunafuna malaya. Choyamba kufunsa chinali chakuti ndabwera ndi ndani, pali wina wandiona kodi. Kenako anati ano si malo ake, tikakambirane kunyumba. Nester ndiye analibe ngakhale manyazi a galu. Anatula beseni n'kundiyankhula ngati takumana pa chigayo.

"Musandide ine, mama. Ine ndimangosewera. Nkhani amabwera nazo okha tikamacheza. Amati inu simukwiya, ndinu munthu wa nthabwala."

Matukwana onse amene ndinaphunzira chibadwire anafika pa lilime. Ndinakoka mpweya kuti ndiwatule. Pomwepo ndinaona dzanja lake likukwera pang'onopang'ono, foni italoza kwa ine. Ankadikira gawo la Loweruka likubweralo.

Walahi, sindinamezepo chinthu chowawa ngati tsiku limenelo. Ndinatseka pakamwa. Ndinapita pachingwe, ndinachotsa kanzu yanga, ndinaipinda bwinobwino n'kutuluka. Ndinakalirira mu minibasi, nkhope nditaphimba ndi mpango.

7

Nkhani inakambidwa kwa malume anga, pamaso pa ankhoswe ndi a shehe. Kuti amve chifukwa chomwe ndikufunira kuchoka, ndinayenera kunena ndi pakamwa panga zonse zimene ndinalumbira kubisa. Ndinazinena maso ali pansi.

Swaleh atapatsidwa mpata, mukuganiza kuti anayamba n'kupepesa? Anayamba n'kukonza mbiri yake. Anati aliyense pano amve ndipo akauze anzake kuti iye ndi mwamuna wabwinobwino, umboni uli ku Dwangwa ndipo ubadwa posachedwa. Ananena zimenezi chifuwa chili patsogolo. Za bodza la msana anati ankafuna kundisungira mtima, poti pakamwa panga amapadziwa, akanandiuza za mkazi wachiwiri pa Chia sipakanagoneka. Za sewero anati kunali kucheza chabe, iye sankadziwa kuti anawo azijambula, komanso Che Tulo si iye chifukwa iye sachita mkonono.

A shehe anamuuza kuti chipembedzo chimalola nika yachiwiri, ukwati womangidwa poyera, osati kuba, ndipo palibe pamene chimalola mwamuna kuvula mkazi wake pamsika. Koma nkhoswe ya kuchimuna inati zachitika zachitika, banja ndi kupirira, mtsikanayo amulowetse Chisilamu amange naye nika, ine ndikhale mayi wamkulu ndi ulemu wanga. Ulemu uti? Anatinso ndiganizire mwana.

"Ine ndinapirira munthu wodwala," ndinatero. "Uyu sindikumudziwa. Andipatse mawu anga ndizipita."

Anailavuladi talaka ija, mosavuta ngati khoko la nzimbe. Sindinalire. Chomwe ndinamva ndi kunyansidwa, ngati ndavala chovala chamkati cha munthu wina chaka chonse osadziwa.

8

Panatsala a Rahila. Pa dawa yotsatira ndinaimirira pamalo pomwe paja n'kuuza amayi kuti ndinanamizira munthu wosalakwa, wotulutsa nkhani anali mwamuna wanga yemwe. Ena anati pepa, ena anangoyang'anana. Eni ake panalibe, anali atasiya kubwera.

Ndinawapeza kwawo akusenda chinangwa choti aviike. Ndinagwada pafumbi n'kufotokoza zonse. Anamvetsera mpeni ukuyendabe. Nditamaliza anati anadziwa kalekale kuti ndi mwamunayo, chifukwa nkhani ya anthu awiri ikatuluka sufunika kuombeza, koma sakanandiuza pa bwalo paja popanda kuulula zomwe ndinawasungitsa. Mayi ameneyu analola kutukwanidwa pagulu kuti asunge chinsinsi cha munthu amene ankawatukwanayo. Ndinawapempha kuti abwerere ku ntchito yawo, ndiyenda khomo ndi khomo kuwayeretsa.

"Ndakukhululukira, Fauzia. Koma ntchito ija ndasiya. Mtsikana akabwera kwa ine masiku ano amayamba wayang'ana ngati pali foni pansi pa mkeka. Munthu wotero ungamulange chiyani?"

Anatola chinangwa china n'kupitiriza kusenda.

Inu owerenga, sewero lija likadalipo ndipo oonera achuluka. Sindibwera pano kudzakuuzani kuti kuseka ndi tchimo, kapena kuti za kuchipinda zisamatchulidwe. Enanu mumati vuto ndi ana amene akuonera, enanu mumati ndi mawu otukwana, enanu mumati wosafuna asatsegule. Zonsezo ndinazinenapo nanenso pakhonde langa. Chimene sindinadzifunsepo n'chakuti anyamata osakwatira aja amazidziwa bwanji zinthu zimenezi mpaka pamene mkazi amapumira polira. Ndinaseka mkazi wonamizira mutu uja mpaka misozi. Lero ndimadzifunsa kuti anali mkazi wa yani, wa ku Nkhunga kapena wa ku Kanyenda, ndipo anaweramira pansi pa chiyani pamene ine ndinkaseka. Amuna inu amene mumasimba za akazi anu pa bawo ndi pa mabedi a eni, ndikanakhala ndi mawu oposa kunyansidwa ndikanakupatsani.

Amayi amabwerabe pakhonde Loweruka, foni n'kuizungulira. Ine sindiyang'ananso foniyo, ndimayang'ana nkhope zawo. Loweruka lapitali panali mtsikana wina amene ndinamusokera diresi la nika chaka chomwe chino. Gawolo linali la mkwatibwi amene amaopa mwamuna wake n'kumagona atavala jinzi. Amayi anali gubudugubudu. Mtsikanayo ankaseka nawo mokweza kuposa onse, koma dzanja lake linali litafinya mpendero wa mpango mpaka zala kuyera.

Ndinawauza amayiwo kuti akathere zauve zawozo kwina, pakhonde langa si pa kanema. Ananyamuka akung'ung'udza kuti Namikanda wayambanso. Mtsikanayo anatsala, akunamizira kusankha mabatani. Anakhala nthawi yaitali akufuna munthu woti amuuze. Ine sindine nankungwi, ndipo pakamwa panga pa Chia palibe sakupadziwa. Kukanakhala kale ndikanamugwira dzanja n'kupita naye kwa a Rahila. Anagula mabatani awiri n'kubwerera kunyumba kwa mwamuna wake.